Kanyumba ka Mbalame Kamene Kanapha Anthu Atatu

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki kukhoti kwa zaka zambiri, ndipo chimene ndinaphunzira kumeneko n'chakuti munthu akamafotokoza nkhani sachedwa kuithira mchere. Mbuzi imodzi yobedwa imasanduka khola lonse, khofi limodzi limasanduka nkhondo. Ndiye nkhani iyi ndiikamba monga mmene inachitikira, ngakhale kuti wochita manyazi m'nkhanimo ndine ndemwe. Ndikanakonda kuikwirira, koma kuno ku Midzemba aliyense akuikamba kale, ndipo akuikamba molakwika. Ena akuti ndinakomoka. Sindinakomoke ayi. Ndinangokhala pansi mofulumira.

Akazi anga, a Nachisale, anapita ku Blantyre kukachitidwa opaleshoni ya ng'ala. Anafikira kwa mwana wathu Thokozani ku Chilomoni. Opaleshoniyo inayenda bwino, diso linapola, koma ulendo wobwerera unkangosunthirasunthira. Poyamba adokotala anati adikire kuti awaonenso. Kenako mdzukulu anayamba kumera mano. Kenako mtsikana wantchito wa Thokozani anachoka osatsanzika. Anthu anakolola, chisanu chinabwera n'kupita, mitengo inayoyola masamba, ine ndili ndekha.

Tinkalankhulana pafoni Lamulungu lililonse masana. Iwo ankafunsa kuti kumudzi kuli bwanji, ine n'kuyankha kuti kuli bwino, palibe vuto, asafulumire. Limenelo silinali bodza. Denga linali bwinobwino, nkhuku zinalipo zonse, ine sindinkadwala. Mawu oti "ndakusowani" ankafika pakhosi, koma ndinkawabweza. Ndinkaona ngati ndi kukokomeza, zonena anyamata otumiza mafuno abwino pawailesi, osati bambo wa imvi amene ali pa penshoni.

Koma nyumba imene mwakhalamo awiri zaka zonsezi, ikatsala ndi munthu mmodzi imakula. Ndinkatsuka kapu imodzi, mbale imodzi, supuni imodzi, ntchito n'kutha. Madzulo ndinkatulutsa mipando iwiri pakhonde mwachizolowezi, n'kubweza umodzi. Ndinazindikiranso chinthu chimene sindinkachidziwa: alendo onse amene ankabwera pakhomo pathu anali a akazi anga. Atachoka iwo, anthu ankangondipatsa moni ali pamsewu, phazi limodzi lili pa pedulo ya njinga. Ankafunsa kuti mayi ali bwanji kuchipatalako, ine n'kuti ali bwinoko, basi. Sindine munthu wotambasula nkhani za m'banja panjira. Choncho chimene mudzi unkadziwa n'chakuti a Nachisale ali kuchipatala, ndipo miyezi ikupita.

Mawu a munthu amene ndinkawamva pafupi anali chifuwa cha a Zuze, nkhalamba ya khomo loyandikana ndi lathu. Akhala akudwala kwa nthawi yaitali, ndipo amawasamala ndi mwana wawo, a Nankhoma. Ine ndi a Zuze tinali titasiya kuchezerana chifukwa cha mbuzi zawo zimene zinandidyera mbande za papaya. Komabe m'mawa uliwonse akayamba kutsokomola kuseri kwa mpanda, ndinkamva ngati wina wandilonjera.

Mabuku anga ndinawawerenga onse kachiwiri. Tsiku lina ndinagunda mpando ndi bondo, n'kudzimva ndikuupepesa. Pamenepo ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino kwenikweni.

M'gulu la mabukuwo munali lina lakale la mbalame, limene ndinagula pakhonde la sitolo ku Limbe ndili mnyamata. M'menemo munali chithunzi cha kanyumba kathabwa, kopanda makoma, kadenga, kokhomeredwa pamwamba pa mzati. Anthu a maiko ena amathiramo mbewu kuti mbalame zizidya. Ndinawerenga kuti mbalame zikazolowera malo otere zimabwera tsiku lililonse, nthawi yomweyomweyo, osaphonya. Zoti chinthu chamoyo chizibwera pakhomo panga tsiku lililonse ndizo zinandigwira mtima.

Ndinkadziwa bwino kumene ndimakhala. Kuno mbalame timaziingitsa. Mapira akayamba kucha, banja lonse limathera tsiku m'munda likumenya zitini ndi kukuwa mpaka mawu kusasa. Munthu wodyetsa mpheta mwadala angamufunse ngati mutu ukuyenda bwino. Ndiye ndinaganiza zosauza aliyense. Ndinati ndikhoma kanyumbako kuseri kwa nyumba, m'kati mwa mpanda wa udzu, mmene simufika diso la munthu. Ndikayang'ana m'mbuyo, vuto lonse linayambira pa chinsinsi chimenechi.

Tsiku lina m'nyengo yotentha ija, mvula isanagwe, ndinapita ku Zalewa kukagula matabwa. Foni ndinaisiya pagolosale ya kwathu konkuno kuti aitchaje, poti sola yathu inali itafa, ndi maganizo oti ndidzaitenga mawa lake madzulo. Kalipentala amene ndinamupeza amapanga mipando, zitseko ndi makama, koma chimene amaika kutsogolo, m'mbali mwa msewu, ndi mabokosi a maliro. Ine zimenezo sindinaziganizeko. Anandifunsa kuti matabwawo ndi a ntchito yanji. Ndinachita manyazi, ndinayang'ana pansi n'kunena motsitsa mawu kuti ndi nkhani ya pakhomo. Anafunsa muyezo. Sindinkaudziwa, ndipo poopa kuti ena ndiwaononga pophunzira, ndinaloza aatali, ofika msinkhu wa munthu. Anandisankhira misomali, anamanga yekha matabwawo panjinga yamoto ya kabaza, n'kunditsanzika ndi manja awiri. Ndinati mumtima, ulemu ukadalipo m'dziko muno.

Wakabaza nayenso anayendetsa pang'onopang'ono, osaimba muluzu, osayambitsa nkhani za ndale monga amachitira anzake. Tinadutsa pamjigo pali amayi ambiri. Tinadutsa pabawo pali abambo. Ine ndinazolika nkhope njira yonse kuti wina asandifunse za matabwa.

Mawa lake ndinalawirira. Malo amene ndinasankha anali pafupi ndi mtengo wa kesha, koma nthambi zake zinali zitachuluka moti mbalame sizikanaona chakudya. Ndinazisadza ndi chikwanje. Nyengo imeneyo msipu kulibe, ndipo mbuzi ikaona tsamba laliwisi imaboola mpanda. Pofuna kuti zidyere kunja, ndinakokera nthambizo kumsewu. Ndiye poti mbuzi za a Zuze ndi mbuzi za kumtunda zimagundana zikakumana, ine monga munthu wokonda chilungamo ndinagawa pawiri: mulu wina kumtunda kwa geti, wina kumunsi, yonse yopingasa msewu.

Munthu aliyense wa kuno, ngakhale mwana wa sitandade wani, amadziwa tanthauzo la masamba aawisi opingasa msewu malo awiri. Wanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula, chifukwa pakati pa masambawo pali maliro. Inenso ndimadziwa. Ndakhala ndikutsika njinga pamasamba otere moyo wanga wonse. Koma m'mawa umenewo m'mutu mwanga munali mbuzi ndi mbalame zokhazokha.

Ndinakiya chitseko chakumaso, ndinatsegula wailesi mokweza monga ndinazolowera kuti pakhomo pazimveka mawu a anthu, n'kuyamba ntchito.

Ukalipentala si kulemba milandu. Sowo inkakana kutsata mzere wa pensulo. Thabwa loyamba linang'aluka, lachiwiri linafupika mbali imodzi. Pambuyo pake ndinapeza lapansi labwino, n'kukhomera timatabwa m'mbali kuti mapira asamatayike. Kenako mizati inayi, kenako denga la mbali ziwiri kuti mvula ikadzabwera izitsetsereka. Misomali ina inkalowa, ina inkagwada. Utuchi unandilowa m'maso, ndinatikita mpaka anafiira. Hamala inaphonya msomali n'kupeza chala chachikulu, misozi inatuluka yokha. Koma dzuwa litadutsa pamutu, kanyumba kanaima. Kanali kopendekera pang'ono ngati munthu amene akufuna kufunsa funso, koma kanali kanga. Ndinathiramo mapira odzaza dzanja kuti ndione mmene akhalire. Ndinasangalala kwambiri moti ndinatembenuka kuti ndiuze munthu. Munthu panalibe.

Ndinazimitsa wailesi. Pamenepo ndi pamene ndinamva kulira.

Kunkachokera kwa a Zuze. Amayi ambiri, kulira kwenikweni kwa maliro. Ndinasuzumira pampanda. Pansi pa mtengo wathu wa bwemba, kumaso kwa nyumba, panali abambo atakhala chete, zipewa zili m'manja. Amayi ena ankalowa kwa a Nankhoma atasenza nkhuni ndi malichero a ufa. Ndiyeno ndinakumbukira kuti m'mawa umenewo chifuwa chija sindinachimve. Zoti ndinali kusadza nthambi ndi kukhoma misomali wailesi ikusokosa, sindinaziwerengere.

Ndinagamula mlandu nthawi yomweyo: a Zuze atisiya. Zonse zinkagwirizana. Pakhomo pawo palibe mthunzi, ndipo pa maliro a akazi awo zaka zapitazo abambo anakhalanso pansi pa bwemba wathu yemweyu. Ndinaonanso nthambi zanga zija wina atazikonza, zitayalidwa mwadongosolo, mbuzi zitathamangitsidwa. Ndinati chabwino, zagwirako ntchito.

Manyazi anandigwira. Mnansi wamwalira, ine ndikukhoma hamala ndi nyimbo za pawailesi. Kenako kunabwera kuwawidwa mtima. Mudzi wonse wauzidwa, ine wa khomo loyandikana palibe amene wandifikira. Kodi ndafika poiwalika ngakhale pa uthenga wa maliro? Ndinasamba msangamsanga, ndinavala jekete yakuda ya kukhoti ija, n'kutulukira khomo lakumaso.

Abambo onse anatembenuka. A Malunga, mkulu wa mpingo wathu, ananyamuka n'kudzandigwira mkono ngati ndine wodwala. Panali mpando umodzi wokha, ndipo anandikhazika pamenepo. Ndinakana, ndinati pali akuluakulu ondiposa, koma anaumirira. Kenako anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi, aliyense kunjuta, kundigwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena kuti pepani. Ine ndinkayankha kuti pepani nanunso, zatigwera tonse.

Pamaliro safunsa kuti wamwalira ndani. Ukafika umayenera kukhala ukudziwa kale, ndipo dzina limadzatchulidwa nthawi ya mauthenga ikakwana. Ine sindikanaulula kuti sindinauzidwe. Iwonso sakanapanikiza ndi mafunso munthu wa maso ofiira choncho. Tinangokhala, aliyense akulira maliro ake.

Pano ndiyenera kunena zoona, poti ndinalonjeza. Zinandikoma. Panali patapita miyezi munthu asanandigwire dzanja. Amayi atayambitsa nyimbo kwa a Nankhoma, abambo tinalandira, ine ndi besi yanga, ndipo misozi imene inatuluka pamenepo sinali ya hamala. Ndinkaganiza za a Zuze, inde, ndi mbande za papaya zimene sizinali zoyenera kudanitsa anthu. Koma ndinkaganizanso za kapu imodzi ija, ndi kuti mwambo ukatha anthu onsewa anyamuka, bwemba n'kutsala ndi ine.

Nyimbo itatha, abambo anayamba kukumbutsana za malemu motsitsa mawu. Wina anati anali munthu wodziwa kulandira alendo, sungadutse pakhomo pake osamwa thobwa. Wina anati kwayala yataya mawu abwino. Ine ndinkangomvetsera. A Zuze thobwa? A Zuze kwayala? Ndinati mumtima, ayamba kuthira mchere, maliro amatero. Bambo wina wa kumtunda anati malemu anapirira zambiri pakhomo, ndipo ponena zimenezo anandiyang'ana ine. Ndinaganiza kuti akunena za mlandu wa mbuzi uja.

A Malunga anaweramira kwa ine, dzanja lili pabondo langa, n'kunong'ona kuti ndilimbe mtima, tataya munthu wabwino. Ndinavomera. Koma poti sindikonda kukometsera munthu chifukwa choti wafa, ndinaonjezera kuti anali ndi kaliuma kake, ndipo masiku omalizawa sitinkalankhulana kwenikweni. Ndinatinso kunena zoona tonse tinkayembekezera, zaka zinali zitakwana. A Malunga anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono.

Posakhalitsa kwa a Nankhoma kunatuluka amuna awiri atanyamula mpando wansungwi. Pampandopo panali munthu wofunda bulangeti dzuwa lonselo. Ndinaganiza kuti ndi m'bale wa malemu wochokera kutali. Atayandikira, munthuyo anatsokomola.

Chifuwa chimenecho ndikanachizindikira ngakhale pakati pa msika wa Zalewa.

Ndinaimirira. Kenako ndinakhala pansi, ndipo ndikuvomera kuti mpando ndinauphonya. Apa ndi pamene anthu amati ndinakomoka.

Anawatsitsa patsogolo panga. A Zuze anatulutsa dzanja m'bulangeti n'kugwira langa.

"A Kalaliki, pepani. Ine ndimati nditsogola ndine. Za mbuzi zija tiiwale."

"A Zuze," ndinatero, "kodi muli moyo?"

"Pang'ono."

"Nanga tikulira ndani?"

A Malunga anauza anthu kuti chisoni chimatero, chimasokoneza mutu, wina andipatse madzi. Kenako anagwada pafupi nane n'kundikumbutsa mofatsa, ngati akulankhula ndi mwana, kuti tikulira mayi a kunyumba, a Nachisale.

Ndinati akazi anga ali ku Chilomoni, ndipo Lamulungu lapitali amadandaula za kuwola kwa tomato wa m'tauni. Ndinafunsa kuti ndani wanena zoti amwalira. Panalibe amene ananena. A Malunga anangoyala umboni, ndipo monga munthu wa kukhoti ndikuti unali umboni wolimba. Mayi ali kuchipatala miyezi yonseyi. Dzulo bambo abwera ndi matabwa a msinkhu wa munthu ochokera kwa wopanga mabokosi, nkhope ili pansi. Lero masamba pamsewu, chitseko chokiya, hamala ikulira kuseri, foni yosagwira. Iwo anagogoda n'kuchita odi, osayankhidwa, ndipo anaganiza kuti wailesi ndaikweza kuti anthu asandimve ndikulira. Amayi, posowa wowalandira m'nyumba, anakasonkhana kwa a Nankhoma. Ndikanakhala woweruza, nanenso ndikanati mayiyo wafa.

"Nanga bokosi mumakhomalo?" anafunsa a Malunga. "Timati mukatuluka tikuthandizeni kumaliza. Si ntchito ya mwamuna wake imeneyo."

Panalibe kothawira. Ndinapita kuseri n'kubwera nako m'manja, kanyumba kanga kopendekera, mapira akutayikira panjira. Amayi anali atasiya nyimbo n'kudzaima m'mbali. Aliyense anakayang'anitsitsa. Wina kumbuyo anati mwina ndi kachisi. Mnzake anati ayi, ndi koikamo wailesi.

Ndinati ndi modyera mbalame.

"Nkhunda?" anafunsa a Nankhoma, masaya akadali onyowa.

"Ayi. Zam'tchire. Mpheta, apumbwa, zilizonse zimene zingafike."

"Zomwe zija zinatimalizira mapira?"

"Zomwezo."

"Kuti zikanenepa muzigwire, eti?"

"Ayi, mayi. Kuti zizingobwera basi."

Poyamba panalibe amene anaseka. Ndikuganiza kuti ena anamva zambiri kuposa zimene ndinafuna kunena. Amene anayamba anali a Zuze. Kuseka kwawo kunasanduka chifuwa, chifuwa n'kusanduka kuseka, mpaka a Nankhoma anawamenya kumsana n'kuwauza kuti ngati akufuna kufa afe lero lomwe, nkhuni zilipo kale, anthu asachite kubwera kawiri. Pamenepo anthu onse anafa nalo phwete.

Ndinkaganiza kuti manyazi afika pamapeto. Koma kumsewu kunaima njinga ziwiri zamoto, kunja kwa masamba, mwaulemu. Kenako kunamveka kulira kwa munthu mmodzi, mawu amene ndimawadziwa kuposa chifuwa cha a Zuze.

Zinachitika n'zakuti m'mawa, mayi wina wa geni podutsa anaona masamba ndi anthu pakhomo pathu. Anaimbira foni m'bale wake wa ku Chilomoni kuti kwa a Kalaliki kwagwa zovuta. Uthenga unafika kwa Thokozani. Anayesa foni yanga, inali chigonere pagolosale, yozimitsa. Anayesa ya a Nankhoma, inali m'nyumba, eni ake ali panja akulira. A Nachisale sanavutike kuganiza. M'nyumba imeneyo munkakhala munthu mmodzi yekha.

A Nachisale analowa atafunda chitenje kumutu, Thokozani atawagwira m'chiuno, nayenso akulira. Amayi amene anathera m'mawa wonse akuwalira anabwerera m'mbuyo, wina n'kutaya ndowa. Koma iwo sankaona munthu. Ankalira akulankhula, monga amachitira amayi, ndipo ine ndinaima pamenepo ndikumvera maliro anga. Ankati nyumba ndawasiyira kuti azikhala ndi ndani. Ankati chikwama chinali cholongedza kalekale, ankangodikira kuti ndinene kuti bwerani, koma ine ndinkangoti musafulumire, musafulumire, mpaka anaganiza kuti ndikupeza mtendere popanda iwo. Ankati ndafa ndekha ngati munthu wopanda abale, ndafa ndi liuma langa lomwe.

Atafika pansi pa bwemba anachotsa chitenje kumaso. Adokotala aja anagwira ntchito yabwino. Anandiona nthawi yomweyo, ndili chiimire mu jekete yakuda, kanyumba kali m'manja.

Anandiyandikira. Anandigwira tsaya, kenako anandigogoda pachipumi ngati akusankha dzungu pamsika. Ndiye anatembenukira kwa a Malunga n'kufunsa ngati ndafa kapena ayi, poti iwo asiya nyemba pamoto ku Chilomoni. A Malunga anati malinga ndi umboni umene wapezeka tsopano, palibe amene wafa. A Zuze anakweza dzanja kuti nawonso awerengedwe.

Masamba ndinakachotsa ndekha, ndili mu jekete, mbuzi za mbali zonse ziwiri zikunditsata, mudzi wonse ukuonerera. Ufa ndi nkhuni zinali zitafika kale, ndipo amayi anati sangazisenzenso kubwerera nazo. A Nachisale anagamula kuti nkhuku zanga zilipire mlandu. Anthu anadya pansi pa bwemba mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ine ndi a Zuze tinadyera mbale imodzi. Aliyense pochoka ankandigwiranso dzanja, koma tsopano akuyang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

Anthu atatha, Thokozani akutsuka mbale kuseri, tinakhala pakhonde awiri. Makapu anali awiri. Kanyumba kanali pansi pakati pathu. A Nachisale anakanyamula, anakatembenuza, n'kunena kuti denga ndi lokhota koma kakhoza kugwira ntchito, bola ndikazike kutali ndi pamene amayanika ufa. Anati katundu wawo Thokozani amutumiza pa minibasi, iwo sabwereranso ku Blantyre, chifukwa munthu wofika podyetsa mpheta si womusiya yekha.

Anamwa tiyi wawo, kenako anandifunsa.

"Bambo a Thoko, miyezi yonseyi munalephera kungonena kuti bwerani?"

"Ndinkaona ngati ndikukokomeza zinthu."

Anayang'ana phulusa la moto wa amayi aja, mafupa a nkhuku, mapazi a anthu ali mbwee pabwalo lonse, ndi mbuzi zikumalizira masamba a maliro awo ndi anga.

"Eya," anatero. "Mwachita bwino osakokomeza."

Mawu amene pakamwa pawakana, hamala imakawalengeza kumudzi wonse.